NTCHITO ZA MANJA PABANJA: KHADI LA NJINGA YAMOTO

Chidindo tonse timachidziwa, ndipo ambiri a ife timachipatsa ulemu wosakanikirana ndi mantha. Kalata yosamukira ku mpingo wina, ngakhale italembedwa mokongola chotani, siyesedwa kalata kufikira alembi atatsegula kabati, kutulutsa chidindo, kuchinyika pa inki ndi kuchimenya papepalapo. N'chimodzimodzinso kwa amfumu, kusukulu ndi kuchipatala. Munthu amatha kuyenda mtunda wa tsiku lathunthu kulondola kanthu kokwana m'dzanja la mwana, nabwerera chimanjamanja poti wosunga kiyi wa kabati wapita kumaliro. Motero m'maganizo mwathu chidindo ndi katundu wa akuluakulu a m'maofesi, woti ana asamuyandikire n'komwe.

Mwezi uno tifuna kuchitsitsa chidindocho pa tebulo la mu ofesi ndi kuchiika pamphasa, pakati pa ana ndi makolo awo. Tikambirana za kasemedwe ka chidindo chathuchathu chokhala ndi chithunzi cha njinga yamoto, ndiponso za kadindidwe ka khadi lopereka moni kwa munthu amene timamkonda.

Wina afunsa kuti bwanji njinga yamoto, pomwe makhadi amayenera maluwa ndi nkhunda? Ife tiyankha ndi funso linzake: kodi m'banja mwanu, kapena pamudzi panu, mulibe munthu amene moyo wake watsamira pa njingayi? Pali mnyamata wa kabaza amene amalawirira nkhuku zisanatsike, nabwera usiku fumbi lili mbuu m'nsidze. Pali alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi. Pali abusa amene mpingo wawo uli ndi nyumba za mapemphero zotalikirana, moti popanda mthuthuthu, monga ankautchulira agogo athu potsata kaliridwe kake, Akhristu ena akadatha miyezi yambiri osalandira Mgonero. Anthu amenewa timawakumbuka tikafuna ulendo. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku timagogoda pakhomo pawo, ndipo kukacha timakangana nawo za mtengo. Nanga ndi kangati pamene timawauza kuti zikomo, kapena kuti timawapempherera akakhala pamsewu? Mau otere amalemera pakamwa, makamaka kwa ife abambo. Bambo ndi mwana wake wamwamuna amatha kugona nyumba imodzi zaka zambiri, nkhani yawo n'kumangokhala ya petulo ndi ndalama ya ndiwo. Khadi limasenza zimene lilime lalephera kusenza, ndipo likakhala ndi chithunzi cha njinga yake yomwe, wolandirayo amadziwa kuti olipanga ankaganiza za iyeyo.

Mbiri pang'ono

Zinthu zitatu zimene tikuziphatikizazi zidabadwa m'zaka zoyandikana. Khadi loyamba la Khirisimasi logulitsa lidatuluka ku London m'chaka cha 1843. Henry Cole adapempha mmisiri wa zojambula, John Callcott Horsley, kuti amjambulire chithunzi, ndipo adasindikiza makhadi 1,000 amene ankagulidwa sheleni imodzi lililonse. Pachithunzipo panali banja likumwa vinyo, mwana wamng'ono akumwetsedwa nawo, ndipo anthu odana ndi zoledzeretsa adachidzudzula. Apa tiona kuti chithunzi cha pakhadi chimalalikira kanthu, mwini wake afune asafune. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tiifunanso kutsogoloku.

Mphira ndi utomoni wa mtengo umene kwawo ndi ku South America. Amene adayendapo msewu wa kunyanja m'boma la Nkhata Bay adaiona mitengoyi m'munda wa Vizara, ili ndi timakapu tolandirira utomoni, ndi anyamata akugulitsa mipira ya mphira m'mbali mwa msewu. Poyamba mphira inali yovuta: kukatentha inkamata, kukazizira inkauma gwa. M'chaka cha 1839 Charles Goodyear wa ku America adapeza kuti ikasakanizidwa ndi sulufule n'kutenthetsedwa, imalimba osataya kufewa kwake, ndipo m'zaka za m'ma 1860 zidindo za mphira zidayamba kulowa m'maofesi. Njinga yamoto ya petulo idadza mu 1885, pamene Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach a ku Germany adaika injini pa njinga ya matabwa, ya magudumu a mtengo okulungidwa ndi chitsulo. Tangoganizani kugwedeza kwake! Mpumulo udadza mu 1888, pamene John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wokhala ku Belfast, adapanga tayala lopopa. Iye sankafuna kutchuka ayi, ankangofuna kuti mwana wake azikwera bwino kanjinga kake ka magudumu atatu. Inali ntchito ya manja ya pabanja monga yathuyi.

Zofunika kusonkhanitsa

Zambiri zili kale m'nyumba mwanu. Pa khadi lenilenilo pafunika pepala lolimba la manila, loyera kapena lotuwirako. Pepala lonyezimira mulipewe, chifukwa silimwa inki ndipo chithunzi chimafufutika mukangochikhudza. Pepala la msinkhu wa A4, lomwe ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali, limatulutsa makhadi awiri. Lidulani pakati mopingasa, kenaka chidutswa chilichonse muchipinde pakati, ndipo mukhala ndi khadi la masentimita 10.5 ndi 14.8, lolowa bwino mu envulopu yaing'ono ya C6. Musanapinde, ikani rula pamzere wapakati ndi kupitsapo msana wa mpeni mosakanikiza kwambiri, kuti pepala lipindike molunjika osathyokathyoka. Popeza njinga ndi yaitali chopingasa, khadi lathu tilipinda kuti mpindiro ukhale pamwamba, liziimirira patebulo ngati denga la nyumba.

Chosemapo chidindo chingakhale labala wamkulu wofufutira, chidutswa cha patapata wakutha, kapena chubu chakale cha njinga. Labala ndiye wofewa ndi wokoma kusema, ngakhale kuti malabala ambiri masiku ano ndi a pulasitiki wofewa, koma amachepa, motero ndi woyenera tizithunzi tating'ono. Patapata mumtsuke ndi kumkhula pa simenti mpaka asalale. Chubu sichisemedwa, chimadulidwa ndi sizasi n'kumatidwa pa kathabwa ndi guluu womatira zigamba. Nachonso muchitsuke ndi kuchikhula pang'ono kuti chigwire inki. Kupatula izi pafunika pensulo yofewa, lezala latsopano kapena kampeni kakuthwa, zitsekerero za mabotolo, chitsononkho chouma, nyuzipepala zakale, ndi inki ya chidindo yogula m'sitolo ya mabuku. Ngati padi ya inki mulibe, dulani kachidutswa ka bulangete lakutha, mukapinde kawiri, mukaike m'chivundikiro cha chitini cha polishi, ndi kudonthezapo inki yochepa. Inki ya mafuta ndi penti ya m'nyumba zimadya mphira, musaziyese.

Yambani mwaiyang'ana njingayo

Ana ambiri akauzidwa kuti ajambule njinga yamoto amajambula zimene zili m'mutu mwawo, ndipo chotuluka chimafanana ndi mbuzi ya magudumu. Atumeni akakhale pansi pafupi ndi njinga yeniyeni, mwini wake atavomereza ndiponso injini itazizira, pakuti ekizozi yotentha yapsereza miyendo ya ana ambiri. Adzaona kuti mpata wa pakati pa matayala awiri ndi wokwana pafupifupi tayala lina limodzi. Lamulo limeneli lokha limakonza theka la chithunzi. Adzaonanso kuti mafoloko a kutsogolo saima chilili koma amapendekera kumbuyo, kuti thanki imatsetsereka kulowa m'chishalo, ndi kuti injini imakhala m'munsi ngati mimba.

Pali kenanso kamene wokwera njinga adzakazindikira msanga. Pa njinga zambiri zazing'ono zimene zili m'misewu yathu, ekizozi imakhala kudzanja lamanja la wokwera, ndipo tcheni ndi giya zimakhala kumanzere. Tsono njinga yoloza kumanja papepala ionetse ekizozi, yoloza kumanzere ionetse tcheni. Mukasokoneza, achimwene a kabaza adzaseka asanawerenge n'komwe mau a m'kati. Ngati njinga yawo ili ndi chizindikiro chakechake, monga kaliyala wowotcherera kapena galasi limodzi lotsala, chimenecho musachisiye, chifukwa ndicho chimaisandutsa njinga yawo.

Matayala sitivutika kuwasema. Chitsekerero chachitsulo cha botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi chili pafupifupi masentimita 3 kukula kwake, ndipo mano ake amadinda mapazi a tayala okongola. Manowo alipo 21. Auzeni ana awerenge okha ngati sakhulupirira. Mkati mwake mudinde mkombero ndi chitsekerero chochepera, chapulasitiki, ndipo pakatikati mudinde kadontho ndi kalabala ka kumutu kwa pensulo. Masipoko mudzajambula ndi cholembera pambuyo pake. Ndi matayala a msinkhu umenewu njinga yonse ikhala ya masentimita 9 kapena 10, yokwana bwino pakhadi. Chosema chenicheni ndi thupi la njinga, ndiye kuti thanki, chishalo, injini, mafoloko ndi mahandulo, ndipo chachiwiri ndi wokwerayo.

Chidindo chimatembenuza zinthu

Apa ndipo pagona nzeru yonse ya ntchitoyi. Chimene chili kumanja pa chidindo chimatuluka kumanzere papepala, monga zimachitikira pa kalilole. Amisiri osindikiza mabuku akhala akulimbana ndi zimenezi kuyambira masiku a Gutenberg, amene adasindikiza Baibulo cha m'ma 1455 ndi zilembo zachitsulo zotembenuzidwa. Ife tili ndi njira yachidule. Jambulani thupi la njinga papepala wamba, monga momwe mufunira kuti lidzaonekere, ndipo mudetse mizere yake kwambiri ndi pensulo. Vundikirani pepalalo pa labala kapena pa patapata, nkhope ya chithunzi itayang'ana pansi, ndi kulikhula kumsana ndi chikhadabo kapena supuni. Mukalichotsa mupeza chithunzi chatsalira pa labalapo chili chotembenuka kale. Mukasema motsata mizereyo, podinda chidzatembenukanso n'kubwerera mmene mudachijambulira. Pa chubu, chomwe ndi chakuda, pensulo sioneka bwino, tsono dulani chithunzi cha papepalacho, muchigoneke pachubupo ndi kudula motsata m'mphepete. Pomata pa kathabwa mukumbuke kuti njinga iloze kumene simufuna kuti idzaloze.

Zilembo ndizo zimapusitsa ngakhale akulu. Zina monga A, M, O, T ndi U zimaoneka chimodzimodzi ngakhale zitatembenuzidwa, ndipo munthu amakhulupirira kuti zonse zili bwino, kuiwala kuti ndondomeko yake nayonso imatembenuka, moti MOTO adzatuluka OTOM. Koma S, N ndi Z sizikhululuka. Uphungu wathu ndi woti ulendo woyamba musaseme mau ayi. Tili ndi chifukwa chinanso chonenera zimenezi, chimene tichitchula kumapeto.

Posema, kumbukirani kuti chimene mwasiya ndicho chidzadinda, chimene mwachotsa chidzakhala choyera. Yambani mwatsata m'mphepete mwa chithunzi, lezala litapendekera kunja, kuti mzere wotsalawo ukhale ngati mzere wa m'munda, wotakasuka pansi ndi wochepa pamwamba. Mukasema molowa pansi pa mzere, umakhala ngati gombe lokumbidwa ndi madzi, ndipo udzagumuka mutadinda kawiri kapena katatu. Kuzama kwa mamilimita awiri n'kokwanira. Pokhota, tembenuzani labala, dzanja logwira lezala likhale malo amodzi. Chotsani pang'onopang'ono, pakuti chimene chatsala mungathe kuchichotsa mawa, koma chimene mwadula sichibwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mahandulo ndi mafoloko muwasiye onenepa kuposa mmene alili pa njinga yeniyeni, chifukwa mizere yopyapyala imathyoka.

Za lezala tinene mosabisa. Kusema ndi kwa makolo ndi achinyamata okhwima. Ana aang'ono ntchito yawo ndi kudinda ndi kupaka mitundu, ndipo imeneyo ndiyo yosangalatsa koposa. Mbali imodzi ya lezala muikulunge ndi tepi kapena kansalu. Semani molozetsa kutali ndi zala za dzanja logwira. Lezala lotola kapena lometera munthu wina lisagwiritsidwe ntchito, chifukwa matenda oyenda m'magazi safunsa kuti munali pa ntchito yabwino.

Chenjezo lina ndi la kwa inu achinyamata amene manja anu apsa msanga. Mukadziwa kusema njinga, mudzaona kuti mungathenso kusema chidindo cha sukulu, cha mpingo kapena cha amfumu, ndipo sipadzalephera kubwera mnzanu wokupemphani kuti mumthandize. Umenewo ndi mlandu wopita nawo kundende. Buku la 1 Mafumu, mutu 21, likusimba mmene Yezebeli adalembera makalata m'dzina la Ahabu nawadinda ndi chidindo cha mfumuyo, ndipo mapeto ake Naboti adaphedwa wosalakwa. Chidindo cha ofesi ndi umboni, ndipo kuchipanga mwachinyengo ndi kuchita umboni wonama.

Kudinda

Yalani nyuzipepala zinayi kapena zisanu patebulo losagwedera, kuti pansi pa khadi pakhale pofewa pang'ono. Zimenezi zimathandiza makamaka zitsekerero zachitsulo, zomwe sizigwira inki bwino monga mphira. Chidindo musachimize mu inki. Chigundeni pa padi mopepuka kangapo, muchiyang'ane ngati chadetsedwa ponseponse, ndipo muyese kaye pa nyuzipepala. Apa mudzaona timizere tosafunika tochokera m'malo amene simudaseme mokwanira. Tichotseni, ngakhale kuti tina tikatsala timaoneka ngati mphepo ndipo timakometsa chithunzi.

Pa khadi lenileni, lembani kamzere kosaoneka bwino ndi pensulo kosonyeza msewu, kuti matayala onse awiri aponde pansi mofanana. Dindani matayala poyamba, kenaka thupi, kenaka wokwera. Tsitsani chidindo molunjika, kanikizani ndi chikhatho mofanana mbali zonse, werengani mpaka kasanu, ndi kuchinyamula molunjikanso. Kuchigwedeza uku ndi uku ndiko kumabala mizere iwiriiwiri. Anthu a m'maofesi amamenya chidindo mwamphamvu kuti tonse timve kuti ali pantchito, koma chithunzi chabwino chimafuna dzanja lofatsa.

Msewu wafumbi upangeni ndi chitsononkho: chigubuduzeni pa padi, kenaka muchigubuduze kamodzi kunsi kwa matayala. Ngati mufuna mapiri kapena mitengo kumbuyo kwa njinga, dindaninso njingayo papepala lina, muidule bwinobwino ndi sizasi, muivundikire pamwamba pa njinga ya pakhadi, ndipo mudinde mapiriwo modutsa pamenepo. Mukachotsa chovundikiracho mupeza njinga ili yoyera, mapiri ali kumbuyo kwake. Cha kutsogolo chimayamba kudindidwa, cha kumbuyo chimatsatira, mosemphana ndi mmene munthu angaganizire. Chidindo chikadindidwa kachiwiri osachinyikanso pa inki chimatulutsa chithunzi chotuwa, choyenera mitambo ndi mitengo yakutali. Inki ikauma, ana apake mitundu ndi makrayoni kapena mapensulo amitundu. Utoto wamadzi umasungunula inki ya chidindo.

Mutu wa wokwerayo

Tsopano tibwerere ku mfundo ija tidati muisunge, yoti chithunzi chimalalikira. Ana adzafuna kujambula zimene amaona tsiku ndi tsiku: anthu anayi panjinga imodzi, mbuzi ili pathanki, woyendetsa ali ndi kapusi chabe. N'zoseketsa papepala, koma tonse tikudziwa mabanja amene zotere zidawasiyira manda. Ife tikuti pakhadi lathu wokwera akhale ndi chisoti chodzitetezera, chija ambiri amati helemeti, ndipo lamba wake aoneke kuti wamangidwa kuchibwano. Kusema kwake n'kosavuta kuposa kusema nkhope: kabwalo kokhala ndi kawindo koyera kutsogolo. Ngati mwaikapo wokwera wachiwiri, nayenso akhale nacho, monga afunira malamulo a pamsewu a dziko lathu.

Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization la m'chaka cha 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndi kuti ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Akatswiri a bungwe la Cochrane, ataunika pamodzi kafukufuku wambiri mu 2008, adapeza kuti chisoti chimachepetsa imfa pakati pa ochita ngozi ya njinga yamoto ndi magawo pafupifupi 42 pa 100 aliwonse, ndipo kuvulala m'mutu ndi magawo pafupifupi 69. Nzeru imeneyi idagulidwa ndi magazi. Mu 1935 msilikali wotchuka wa ku Britain, T. E. Lawrence, adagwa pa njinga yake popewa anyamata awiri opalasa njinga, namwalira patapita masiku asanu ndi limodzi chifukwa chovulala m'mutu. Mmodzi wa madokotala amene adamsamalira, Hugh Cairns, adayamba kufufuza za imfa za okwera njinga zamoto, ndipo mu 1941 gulu lankhondo la Britain lidalamula kuti okwera ake onse azivala zisoti.

Timamva ena akuti tsiku likakwana lakwana, chisoti sichingaletse imfa. N'zoona kuti masiku athu ali m'manja mwa Mulungu. Koma Mulungu yemweyo, pa Deuteronomo 22:8, adalamula womanga nyumba yatsopano kuti amange kampanda kuzungulira denga lake, kuti munthu angagwe, mlandu wa magazi n'kukhala panyumbapo. Katekisma wa Heidelberg wa 1563, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi pa funso 105, amaphunzitsa kuti lamulolo limaletsanso munthu kudzivulaza kapena kudziika dala pangozi. Ndipo za liwiro, mlonda wa pansanja ku Yezireeli adamzindikira Yehu ali patali chifukwa cha kayendetsedwe kake kaukali, monga tiwerenga pa 2 Mafumu 9:20. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi Yehu wake, amene amayi amamzindikira ndi kulira kwa injini yokha, nakokera ana m'nyumba.

Komabe tichenjere kuti khadi lisasanduke bwalo la milandu. Mnyamata amene watopa ndi kukalipiridwa akalandira khadi lodzaza ndi malangizo, adzaliponya pansi pa bedi. Chisoti cha pachithunzi chinene chokha. Makamaka ngati mlongo wake wamng'ono ndiye adachipaka utoto, nachipatsa mtundu umene iye amaukonda, chidzamlankhula kwambiri kuposa mau athu akuluakulu. Ndipo ngati chisoti chenicheni alibe, kapena chimene ali nacho chidagundidwapo kale mwamphamvu, pakuti chotere sichitetezanso mokwanira ngakhale chioneke chabwino kunja, banja liganize zosonkherana kuti khadi lidzapite pamodzi ndi mphatso imeneyo.

Mau a m'kati

Chifukwa chachiwiri chosasemera mau ndi ichi. Mtumwi Paulo kawirikawiri ankanena mau, wina n'kumalemba, ndipo kalata ya kwa Aroma adailemba ndi Tertio. Koma pa mapeto a makalata ena, monga 1 Akorinto, Akolose ndi 2 Atesalonika, ankatenga cholembera nalemba moni ndi dzanja lake, kuti olandira adziwe kuti ndi iyeyo. Nafenso chithunzi tidinde, koma mau tilembe pamanja, ngakhale zilembo zathu zikhale zokhotakhota.

Lembani mwaulemu woyenera munthuyo: Kwa bambo athu, Kwa achimwene, Kwa abusa ndi banja lonse. Kenaka tchulani chinthu chimodzi chenicheni chimene munthuyo adachita. Mau oti zikomo chifukwa cha zonse ndi opepuka, amauluka. Koma mukalemba kuti, "Achimwene, sitidaiwale usiku uja mudanyamula agogo kupita nawo kuchipatala mvula ikugwa. Timakudikirani madzulo aliwonse," mwagwira mtima wa munthu. Amene afuna kuikapo Mau a Mulungu atsegule Salimo 121, lomwe Akhristu ambiri amawerenga poyamba ulendo, ndipo mwana wodziwa kulemba akopere vesi limodzi kuchokera m'Baibulo la m'nyumbamo. Aliyense asaine dzina lake. Wamng'ono wosadziwa kulemba agunde chala chake chachikulu pa padi ndi kudinda pansi pa mainawo. Chidindo chimenecho sadaseme ndi munthu, ndipo palibe wina padziko lapansi amene ali nacho chofanana, ngakhale mapasa.

Popeza wolandirayo ndi munthu wa pamsewu, ndipo mwina adzafuna kuliika m'thumba la jekete, lowetsani khadilo m'kapepala ka pulasitiki koonekera, chifukwa inki ya chidindo siipirira mvula ndi thukuta. Mlipereke pamaso pa banja lonse, mwina itatha mapemphero a madzulo, ndipo musadabwe akangoti zikomo motsitsa mau n'kutuluka panja kukayang'ana tcheni chimene chilibe vuto lililonse.

Mukatha ntchito, pukutani zidindo ndi kansalu konyowa, muziumitse pamthunzi ndi kuzisunga m'chitini chotseka, pakuti dzuwa limaumitsa mphira n'kuing'amba. Chidindo chosemedwa bwino chimadinda makhadi ambirimbiri. Gulu la achinyamata kapena kalasi ya Sande Sukulu ingathe kusema chimodzi Loweruka lina, Loweruka lotsatira n'kudinda makhadi okwanira anyamata onse a kabaza amene amaima pa siteji yapafupi ndi tchalitchi. Asanayambe, atume awiri akafunse maina a anyamatawo ndi kalembedwe kake, kuti khadi lililonse lidzakhale ndi dzina la mwini wake.